Kusuzumira mkati mwa object pulogalamu ikuyenda

Achimwene, mwati tsamba lanu logulitsira katundu likuphonya masamu a ndalama, koma mukachita console.log (lamulo loonetsa zamkati pa console ya browser) object ya ngolo ya katundu ikuoneka bwinobwino. Ndiyambire pa console.log pomwepo, chifukwa ndiyo imasocheretsa anthu ambiri.

Mu Chrome, console sisunga object monga inaliri nthawi yomwe mzere wanu unkadutsa. Imangokumbukira komwe object ili, ndipo imakawerenga zamkati pokhapokha inu mwadina kamuvi kotsegulira kaja. Ngati code ina yaisintha pakatipo, mumaona zatsopano, zolakwikazo zitafufutika kale. Pambali pake pamakhala kachilembo ka i kochenjeza zomwezi, koma ndani amakayang'ana? Ngati mukufunabe log, dutsitsani object mu JSON.stringify kapena structuredClone kaye, kuti mukhale ndi kope lake la nthawi yomweyo.

Koma ine ndikanati muyimitse pulogalamu yonse. Dinani F12 kuti mutsegule DevTools, zida za Chrome zofufuzira code, pitani pa Sources, pezani fayilo yanu, ndipo dinani nambala ya mzere womwe ukuphatikiza ndalama kuti muikepo breakpoint, chizindikiro choyimitsira pulogalamu. Mukhozanso kungolemba mawu akuti debugger mu code, bola DevTools ikhale yotsegula. Mukadina batani logulira, tsamba liima njii pa mzere umenewo. Kumanja kuli Scope: Local, Closure ndi Global, chilichonse ndi zomwe chanyamula panthawi yeniyeniyo. F10 imakupititsani mzere wotsatira, F11 imakulowetsani mkati mwa function. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti pulogalamu ikaima chonchi, console imagwira ntchito mkati mwa function yomweyo, ndiye mutha kulemba typeof mtengo, kufunsa ngati mtengo wa katundu uli nambala kapena mawu, n'kuyankhidwa pompo.

Ndipo funsani zimenezo, chifukwa ndikukayikira pamenepo. Chilichonse chochokera mu value ya input, kabokosi kolembamo pa tsamba, chimabwera ngati string, ndiye kuti mawu, ngakhale input yake ikhale ya manambala. Mukaphatikiza "5000" ndi "2000" mupeza 50002000, osati 7000. Mu Scope muona mtengowo uli m'kati mwa timizere tiwiri togwira mawu. Nambala yeniyeni ilibe timeneto. Ukakhala choncho, Number kapena parseFloat ikukonzerani.

Katundu akachuluka mu loop, musadzizunze ndi F10 mpaka chala kutopa. Dinani kumanja kwa mbewa pa nambala ya mzere, sankhani Add conditional breakpoint, lembani zoti iyime pokhapokha mtengo si nambala. Object yobisika kwambiri, dinani kumanja pa iyo, Store as global variable, ipatsidwa dzina temp1, kenako console.table ikuyalirani mizere ndi mipanda yake. Batani lomwe mwasankha mu Elements limatchedwa $0 mu console.

Vuto likamachitika pa foni yokha, yatsani USB debugging pa Android, lumikizani chingwe, tsegulani chrome://inspect pa kompyuta. Ngati ndi app ya WebView, yoonetsa tsamba mkati mwake, mwina sioneka mpaka muyatse setWebContentsDebuggingEnabled mu code ya app. Kumbali ya seva, node --inspect imatsegula port 9229 ndipo mumaiona pa chrome://inspect pomwepo. Port imeneyi isaonekere pa intaneti, chifukwa aliyense woifikira amatha kuyendetsa code yake pa makina anu.

Yesani breakpoint ija, mujambule Scope itaima, muike pano tione limodzi. Ma token (makiyi achinsinsi olowera) ndi manambala a makasitomala muwaphimbe kaye.