Dzina la Aldrovanda ndi chilembo chimene chinasowa

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti kuli chomera cha m'madzi chodya tizilombo, komanso kuti dzina lake loti Aldrovanda vesiculosa linachokera kuti. N'zoona ndithu, chilipo. Koma chimene chimandiseketsa ine n'chakuti mawu onse awiri a dzinali anabwera ndi kuphonya.

Chomerachi chilibe mizu. Chimangoyandama m'madzi osaya, odekha, ndipo chimapezeka ku Ulaya, Asia, Africa ndi Australia, ngakhale masiku ano chikusowa moti chili m'gulu la zomera zimene zingathe. Tsinde lake n'lopyapyala ngati ulusi. Pa mfundo iliyonse pamamera masamba 5 mpaka 9 mozungulira, ngati masipoko a njinga, n'chifukwa chake pa Chingerezi amachitcha waterwheel. Kunsonga kwa tsamba lililonse kuli kamsampha ka mamilimita 2 kapena 3, kooneka ngati tizikhatho tiwiri tosatseka bwino, mkati muli timaubweya. Kamphutsi ka udzudzu kakangokhudza timaubweyato, basi kagwidwa. Msamphawo umatseka m'mamilisekondi 10 mpaka 20, kuphethira kwa diso kumachedwa. Kenako chomera chimatulutsa madzi ogaya nyamayo n'kuyamwa zakudya zimene madzi okhalamo alibe zokwanira. Ndi m'bale wake weniweni wa Venus flytrap, chomera cha pamtunda chimene masamba ake amatsekanso ngati msampha n'kugwira tizilombo.

Tsopano dzina. Mu 1747 katswiri wa zomera wa ku Bologna m'dziko la Italy, Gaetano Monti, anachifotokoza n'kuchipatsa dzina loti Aldrovandia. Ankalemekeza Ulisse Aldrovandi, katswiri wa zachilengedwe wa mumzinda womwewo amene anabadwa mu 1522 n'kumwalira mu 1605, yemwe anayambitsa munda wophunziriramo zomera ku Bologna mu 1568. Taonani, ulemuwo unabwera mwini wake atagona m'manda zaka 142.

Ndiye kunabwera Carl Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden. Mu 1753, polemba buku lake la Species Plantarum, analemba kuti Aldrovanda, "i" uja wakumapeto osaoneka. Ambiri amati kunali kungophonya pokopera. Vuto n'lakuti akatswiri a zomera anagwirizana kuti mayina ovomerezeka a zomera amayambira pa buku limeneli, ndiye zimene Monti analemba zaka 6 m'mbuyomo sizinawerengedwenso. Mpaka lero tonse tikubwereza kuphonya kwa munthu mmodzi, ndipo wolemba molondola monga anafunira Monti ndi amene angaoneke wolakwa. Kwa ine apa Monti anamulakwira, koma mlandu wake sungapite kulikonse.

Nanga vesiculosa? Limachokera ku mawu a Chilatini akuti vesicula, kutanthauza kathumba. Akale aja poona timisamphato, nthawi zambiri muli kathovu ka mpweya, anaganiza kuti ndi timatumba tothandiza chomera kuyandama. Sanadziwe kuti akuyang'ana pakamwa. Panadutsa zaka zoposa 100 kuti wina azindikire zoti masambawa amatseka, kenako katswiri wa zomera Ferdinand Cohn wa ku Germany anapeza tizilombo ta m'madzi titatsekeredwa mkatimo, ndipo katswiri wa zachilengedwe wa ku England, Charles Darwin, analemba za chomerachi mu 1875 m'buku lake lonena za zomera zodya tizilombo. Dzina lokha silinasinthe.

Chinthu chimodzi musasokoneze, chifukwa ambiri amasakaniza. Palinso chomera china cha m'madzi chodya tizilombo, Utricularia, chimene dzina lake likutanthauzanso kathumba, kuchokera ku mawu akuti utriculus. Icho timatumba chili nato tenitenidi, ndipo sichiwomba ngati msampha, chimakoka kachilombo pamodzi ndi madzi kudzera pa kachitseko. Mukaona chithunzi chokhala ndi timatumba tobulungira tomwazikana pa timasamba tonga tsitsi, ameneyo ndi Utricularia. Mukaona masamba ozungulira tsinde mfundo ndi mfundo, kutsogolo kukuphuka kumbuyo kukuola, ndiye Aldrovanda ameneyo.