Kodi mabanja 400 akukwanira?

Achimwene, mwafunsa ngati kufunsa mabanja 400 okha kungasonyeze gawo la mabanja a mumzinda wa Zomba amene amaphikira makala. Kungasonyeze ndithu, malinga mabanjawo asankhidwe mwamaere kuchokera m'madera onse, osati ku Chinamwali kapena ku Chikanda kokha chifukwa choti nkosavuta kufikako. Tinene kuti mabanja 240 avomera kuti amaphikira makala: ndiye kuti chiyerekezo chanu ndi mabanja 60 mwa 100 aliwonse, ndipo pa akafukufuku 95 mwa 100 ochitidwa motere, chiwerengero chenicheni sichisiyana ndi chiyerekezo ndi maperesenti oposa 5. Kuti kusiyanaku kutsike ndi theka, pafunika mabanja 1,600. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mabanja osapezeka pakhomo masana. Bwereraniko madzulo, musatenge oyandikana nawo m'malo mwawo.