Funsani Dokotala: Ndaona magazi mu umuna wanga

Adokotala ndithandizeni chonde. Ndine bambo wa zaka 33, ndili pabanja. Sabata yatha titamaliza kukhala malo amodzi ndi akazi anga ndinaona kadontho kofiira pa shiti, ndinangoti mwina ndi iwowo ayamba kusamba koma anati masiku awo sanakwane. Patapita masiku atatu zinachitikanso, ulendo uno ndinaonetsetsa ndithu kuti ndi umuna wangawo, unali wa bulauni. Palibe pomwe pakundiwawa, kukodza ndikukodza bwinobwino koma usiku sindikugona ndikungoganiza za khansa. Mayi akunyumbawo sindinawauze, ndikungozemba ndikumanamizira kutopa. Ndi chani chimenechi, nanga ndingawapatsire?

Zikomo achimwene polemba, ndipo mtima pansi kaye. Zimenezi zimachitikira azibambo ambiri kungoti sakamba, kuchipatala timazitchula kuti hematospermia. Kwa munthu wa msinkhu wanu, osakwana zaka 40, osamva ululu, pokodza palibe vuto, nthawi zambiri sichikhala chinthu choopsa ndipo zimasiya zokha pakapita masiku kapena masabata angapo. Khansa pa zaka 33 ndi chinthu chomwe ine ndingachiganizire kumapeto kwenikweni.

Ambiri amaganiza kuti umuna onse umachokera m'machende, ayi. M'machende mumangochokera mbewu, koma madzi ambiri aja amapangidwa mu timatumba tiwiri tili kuseri kwa chikhodzodzo komanso mu prostate, kachiwalo kamene kamazungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo pomwepo. Malo onsewa ndi odzadza ndi timitsempha ta magazi ting'onoting'ono tosachedwa kuphulika, ndiye potulutsa umuna paja minofu imafinya mwamphamvu, kamodzi kakangophulika basi magazi alowa, chimodzimodzi kamfuno. Ndipo poti umuna wa ulendo umodzi nthawi zambiri supitirira sipuni yaing'ono imodzi, kadontho kamodzi kokha ka magazi kamasintha mtundu onse nkumaoneka ngati mwataya magazi ambiri. Zoti poyamba anali ofiira kenako bulauni ine zandisangalatsa, ofiira ndi magazi atsopano, bulauni ndi akale amene akungotsukika, kusonyeza kuti mwina pomwe panachucha paja payamba kale kupola.

Chomwe chingaphulitse kamtsemphako nthawi zina ndi kukhala nthawi yaitali osagonana, kapena kuchita mobwereza ndi mwamphamvu kwambiri, kapena kudzipweteka pakati pa miyendo monga pa njinga. Kwa anthu ambiri timayeza zonse osapeza chilichonse.

Koma sindikuuzani kuti mungokhala pakhomo ayi, poti zachitika kawiri pitani akakuoneni. Mwa zifukwa zimene timazipeza, chotsogola kwa azibambo achinyamata ndi tizilombo tolowa mu njira ya mkodzo, mu prostate kapena m'machende, ndipo ena mwa matendawa ndi opatsirana pogonana monga chinzonono ndi chlamydia. Chlamydia ndi wachinyengo, munthu amatha kukhala naye miyezi osamva kuwawa, osaona mafinya, ndiye zoti simukumva ululuzo sizikukuchotsani pa mndandanda. China chomwe anthu amachiiwala ndi likodzo. Timalidziwa ndi kukodza magazi, koma mazira a nyongolotsi zake amakakhalanso mu prostate ndi timatumba tija, moti bambo amene anasambirapo kapena kugwira ntchito m'madzi a m'nyanja, m'madamu kapena m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono atha kuona magazi mu umuna ngakhale mkodzo ukuoneka woyera. BP yokwera kwambiri nayo imachititsa, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin ndi aspirin chimodzimodzi, TB nayo imatha kufika kumeneko ngakhale sikawirikawiri. Amene angopangidwa kumene vasectomy (opaleshoni yotseka abambo kuti asaberekenso) kapena kutengedwa kanyama ka prostate kuti kakayezedwe asadabwe akaona magazi kwa masabata angapo.

Kuchipatalako akakufunsani mafunso ena ochititsa manyazi, ayankheni moona, makamaka ngati munayendapo panja. Akayeza BP, mkodzo, matenda opatsirana pogonana kuphatikizapo HIV, agwiragwira machende, mwina ayezanso prostate ndi chala kudzera kumbuyo, zimatenga masekondi ochepa chabe. Zikadzachitikanso musanapite, jambulani ndi foni, chithunzi chimatithandiza kuposa kufotokoza. Mankhwala amatengera chomwe chapezeka, akapeza tizilombo ndi ma antibayotiki ndipo mumalize onse olo magazi asiye tsiku lachiwiri, likakhala likodzo ndi praziquantel amene amamwedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, ikakhala BP ndiye tithane ndi BP yo. Chonde musakagule ma antibayotiki panokha, mumangosokoneza zoyeza nkusiya tizilombo titazolowera mankhwala. Ndipo owerenga amene mukumwa warfarin kapena aspirin wolemberedwa ndi dokotala musasiye nokha, kafunseni kaye.

Tsopano za mayi akunyumba, apa ndipomwe mwandidetsa nkhawa kuposa magaziwo. Magazi mu umuna pawokha si matenda oti nkupatsira munthu, sangawavulaze mkati, ndipo nthawi zambiri sakhudza kubereka. Likodzo silipatsirana pogonana, khansa ya prostate nayonso ayi. Chomwe mungawapatsire ndi tizilombo ngati tilipo, ndipo kutupa ndi magazi ku ziwalo zimenezi kumapangitsa kuti HIV idutse mosavuta ngati mmodzi ali nayo. Ndiye mpaka zotsatira zituluke pumulani masiku angapo kapena gwiritsani ntchito kondomu, ndipo zogonana za mkamwa zidikire kaye. Kondomuyo ithandizanso kutsimikiza, magazi akakhala mkati mwake ndi anu, akakhala kunja ndi a mayiwo ndipo iwonso afunika kuonedwa chifukwa mzimayi kutuluka magazi akagonana ndi nkhani yofunika kuyeza khomo la chiberekero. Akapeza chinzonono kapena chlamydia mulandire mankhwala nonse awiri, ndipo musagonane mpaka patadutsa masiku 7 nonse mutalandira chithandizo ndipo zizindikiro zatha, apo ayi muzingobwezerana.

Ndinaonapo bambo wina amene anazemba mkazi wake miyezi iwiri ngati mukuchitira inumu, ankagona atavala thalauzi atatembenukira kukhoma. Tsiku lomwe anabwera anabwera ndi mkaziyo maso ali otupa ndi kulira, iye anali atatsimikiza kuti mwamuna wake ali ndi chibwenzi. Titayeza linali likodzo, anamwa mapilitsi tsiku limodzi. Awuzeni akazi anu lero lomwe, mawu ake ndi ochepa, magazi aja anali anga, ndachita mantha, tiye tikayezetse limodzi.

Kwa azibambo amene mwadutsa zaka 40 nkhaniyi ndimaitenga mosiyana. Ngakhale mutaona kamodzi kokha pitani, chifukwa pa msinkhu umenewu prostate imayamba kukula ndipo mwa ochepa magazi amatha kukhala chizindikiro cha khansa, makamaka ngati bambo anu kapena mchimwene wanu anadwalapo. Akayeza magazi kuti aone PSA, chinthu chomwe chimatha kukwera prostate ikakhala ndi vuto, mwina ndi sikani. Ndipo kaya muli ndi zaka zingati, musadikire mawa ngati magazi akutulukanso mu mkodzo, mukutentha thupi, mkodzo ukukanika kutuluka, chende latupa kapena lili ndi chotupa cholimba, mukuonda osadziwa chifukwa, kapena mukutuluka magazi malo ena ngati m'nkhama.

Inuyo achimwene, ngati zoyeza zonse zatuluka bwino bwererani ku moyo wanu wa pabanja, bulauni uja atha kuonekabe maulendo angapo kenako nkuyera. Zikapitirira mwezi kapena zikasiya nkuyambiranso, mubwerere mukapemphe kuonana ndi dokotala wa za njira ya mkodzo.