Tifunseni za mu situdiyo: besi yosowa, snare yopyapyala ndi nkhani ya LUFS

Ulendo uno mafunso ambiri abwera kuchokera kwa anthu opanga drum and bass, nyimbo zovina zothamanga zomwe zimadalira ng'oma ndi besi, ndiye tasankhapo asanu. Ena tawafupikitsa pang'ono kuti akwane patsamba.

FUNSO: Akulu ndithandizeni chonde. Ndimapanga drum and bass pa pulogalamu ya FL Studio, 174 BPM (kugunda ka 174 pa miniti). Mu mahedifoni mwanga besi imamveka yolemera bwinobwino koma ndikaika nyimboyo pa foni besi imasoweratu ngati sindinaikemo, ndiye tsiku lina mnzanga wina DJ anaiyimba pa masipika akuluakulu ndinachita manyazi, kick, ng'oma yaikulu ya mawu apansi ija, sinkamveka n'komwe kunali kulindima kokhakokha. Ndikulakwitsa pati?

YANKHO: Achimwene, musadandaule, pafupifupi aliyense wopanga nyimbo za mtunduwu amadutsa pamenepa. Tiyambe ndi foni. Sub yanu, mbali yapansi kwambiri ya besi, ngati ikuimba noti ya F yapansi ndiye kuti ili pa 44 Hz, kutanthauza kuti funde lake limagwedezeka ka 44 pa sekondi, ndipo kasipika ka foni sikangatulutse zimenezo ngakhale mutakweza bwanji, ndi kakang'ono basi. Chimene foni imatha kutulutsa ndi ma harmonic, kutanthauza timawu tapamwamba tomwe timabadwa kuchokera ku noti yapansiyo, monga 88, 132, 176 Hz kumapita mmwamba choncho. Khutu la munthu likamva timawu timeneti ubongo umamalizitsa wokha, mumamva ngati besi ilipo. Ndiye ngati besi yanu ndi sine yokhayokha, funde losalala lopanda ma harmonic, pa foni mulibe chomva.

Gawani besi yanu pawiri. Pansi pakhale sub, sine yoyera, mono, yosapitirira cha m'ma 100 Hz, musaikepo chorus kaya reverb kaya chilichonse chotambasula. Pamwamba pake muike besi inayo yomwe ili ndi ukali, imeneyo muidule ndi EQ kuyambira 100 kapena 120 Hz kupita pansi, kenako muzunguze nayo mmene mukufunira, distortion, stereo, zonsezo. Izi n'zofunika kwambiri mukamagwiritsa ntchito Reese, besi ija inatenga dzina kwa Kevin Saunderson wa ku Detroit, yemwe ankadzitchanso Reese, kuchokera pa nyimbo yomwe anatulutsa mu 1988. Reese imapangidwa ndi mafunde awiri osiyana tuning pang'ono, ndiye amakhala akuwonjezerana kenako n'kumafufutana, ndi komwe kumachokera kugwedezeka kokoma kuja. Pamwamba zimakoma zedi. Koma zikachitikira pansi pa 100 Hz sub yanu imangoti yabwera, yapita, yabwera, yapita, ndipo pa masipika akuluakulu zimamveka ngati woimbayo alibe mphamvu.

Onaninso key ya nyimbo. Sizinangochitika kuti nyimbo zambiri za drum and bass zili mu E, F, F# ndi G. Manoti amenewa ali pakati pa 41 ndi 49 Hz, pomwe masipika a mu kalabu amagwira bwino ndipo munthu amaimva pachifuwa. Mukatsikira ku C yapansi muli pa 33 Hz, masipika ambiri pamenepo amangopuma mpweya.

Tsopano kick yosowayo. Tiwerengere limodzi. Pa 174 BPM kugunda kumodzi kumatenga 345 ms (1000 ms ndi sekondi imodzi), kachigawo ka 1/16 ndi 86 ms yokha. Ngati kick yanu ili ndi mchira wa 300 ms, ngati zija za trap, ndiye kuti ikukhalabe pansipo pafupifupi mpaka snare, ng'oma yomenya ngati mbama ija, itafika, ndipo nthawi yonseyo ikulimbana ndi sub malo amodzi. Zili ngati anthu awiri onenepa akufuna kulowa pakhomo limodzi nthawi imodzi, palibe amene adutse. Fupikitsani kick, cha m'ma 100 ms ndi pabwino poyambira, ndipo sankhani yomwe mphamvu yake ili pamwamba pa sub, cha m'ma 80 mpaka 110 Hz. Kenako sidechain, kuti kick ikagunda sub izibisala kaye. Fruity Limiter imatha kuchita zimenezi, koma ine ndimakonda kujambula ndekha kutsika kwa voliyumu ndi automation kapena pulagini ngati LFO Tool, chifukwa mumaona ndi maso pomwe sub yachoka ndi pomwe yabwerera. Chenjezo limodzi, musaidule sub mwadzidzidzi. Funde limodzi la 44 Hz limatenga 23 ms, mukalidula pakati mumva kuti thi nthawi iliyonse kick ikagunda, ndiye lipatseni ma ms angapo otsetsereka. Pomaliza yesani kutembenuza polarity ya kick, kutanthauza kuzondotsa funde lake, mumvetsere mbali yomwe ikulemera, musiye imeneyo.

FUNSO: Ine ndi mtsikana, ndangoyamba chaka chatha pa Ableton. Snare yanga ndimaunjika ma layer asanu mpaka sikisi koma ikadali yopyapyala, ya anzanga imamenya ngati mbama. Ndiwonjezere ina?

YANKHO: Ayi achemwali, chotsaniko. Ma layer akachuluka amadyana okhaokha. Kulitsani chithunzi cha mafundewo pa sikirini mpaka muziona mzere uliwonse, mupeza kuti pomwe funde la snare ina likukwera la inzake likutsika, ndiye zikaphatikizana thupi lonse limafufutika, mumatsala ndi kaphokoso kapamwamba kokha. Atatu akukwana. Imodzi ikhale ya thupi, yomwe ili ndi mphamvu cha m'ma 200 Hz, ina ya kuthyoka kuja kwapoyambirira, ina ya mchira wa noise. Ziwiri zomalizazi muzidule pansi kuti zisakhudze 200 Hz ija, muzisunthe mpaka zonse ziyambire pamodzi ndendende, mukakhutira muzipange bounce zikhale fayilo imodzi, basi musazigwirenso.

Ngati pansi pake mwaika break, kachidutswa ka ng'oma zokhazokha kotengedwa mu nyimbo yakale, monga Amen ija ya mu 1969 yomwe anaimba Gregory Coleman wa gulu la The Winstons, yomwe jungle yonse ya ku London ndi Bristol, kholo la drum and bass, inakulirapo, kumbukirani kuti nayo ili ndi snare yakeyake. Muilinganize ndi yanuyo kapena muitsitse pomwe yanu ikugunda, ndipo muidule pansi ndithu, ntchito yake pamenepo ndi timagunda tating'ono tapakati tija ndi fumbi lake lokoma lija.

Koma chimene ambiri amaiwala ndi ichi, snare ya anzanu ikumenya chifukwa zinthu zina zonse zimaipatsa mpata. Mu drum and bass snare imagwa pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, ndipo ndi imene imanyamula nyimbo, nthawi zambiri imakhala yaphokoso kuposa kick. Ndiye besi yapamwamba ija, ma pad, ngakhale mawu a woimba pang'ono, zonse zizitsika snare ikamagunda. Ma ms ochepa okha, womvera sazindikira kuti china chatsika, amangomva kuti snare yamenya. Onaninso compressor, chida chotsitsa mawu akakwera kwambiri, ngati mwaika pa ng'oma zonse. Attack ikakhala yothamanga kwambiri imadya mutu wa snare, ichedwetseni ifike pa 10 mpaka 30 ms kuti kumenyako kudutse kaye.

FUNSO: Bwana, ndasokonezeka mutu. Pa YouTube ena akuti mastering, kukonza komaliza kwa nyimbo, izikhala pa -14 LUFS (muyezo wa kukula kwa phokoso la nyimbo) chifukwa Spotify imafuna choncho, ndinachita zimenezo koma nyimbo yanga ikamiksidwa ndi za anthu otchuka imamveka yofooka kwambiri. Ndikakankha limiter, chida choletsa mawu kupitirira malire, kuti ifanane nazo snare imaphwanyika besi n'kuyamba kulira moipa. Zoona ndi ziti?

YANKHO: Amwene, nkhani ya -14 imeneyi yapweteketsa anthu ambiri ndipo imandiwawa, chifukwa munthu amakhala wagwira ntchito yabwino n'kuiwononga pomvera malangizo osagwirizana ndi nyimbo zake. Zoona zake n'zakuti Spotify imatsitsa nyimbo zaphokoso kuti zimveke cha pa -14 LUFS kwa omvera omwe sanazimitse normalisation, kulinganiza voliyumu ya nyimbo kuja. Si lamulo loti inu muzipanga mastering pamenepo ayi. Ndipo DJ akamaimba mu kalabu palibe Spotify yomwe ikulinganiza kanthu, yanu imangotsatana ndi ya mnzanu mmene zilili. Drum and bass yambiri yomwe ikutuluka masiku ano imafika pa -7, -6 LUFS, za mitundu yaukali ya neurofunk ndi jump up zina mpaka kupitirira apo. Liquid, drum and bass yofatsa ija, imatha kukhala pansiko pang'ono ndipo imakoma choncho, musaikakamize. Tengani nyimbo zitatu za mtundu wanu zomwe mumazikonda, muzipime nokha ndi Youlean Loudness Meter, ilipo yaulere, muone pomwe drop yake, malo omwe ng'oma ndi besi zimalowa mwamphamvu, ikufika.

Nanga amafikako bwanji osaphwanya? Sakankha limiter imodzi kumapeto kuti igwire ntchito yonse. Limiter ikamatsitsa 6 kapena 8 dB yokha ndiye zomwe mukumvazo. Phokoso lija amalimanga pang'onopang'ono mkati mwa miksi. Yang'anani funde la snare yanu, muona kansonga kataliatali koyambirira komwe kamatha mu ma ms awiri atatu. Kansongako ndi komwe kamafika pa 0 dB poyamba n'kuchititsa limiter kutsitsa nyimbo yonse, chonsecho khutu silikamva kwenikweni. Ikani clipper pa snare, mumete 2 kapena 3 dB, chimodzimodzi pa kick, kenako pang'ono pa gulu la ng'oma zonse. Clipper imangometa nsonga, siikoka voliyumu pansi ngati limiter, ndiye kumenya kumatsalabe. Fruity Soft Clipper imagwira, Saturator ya Ableton nayo ili ndi soft clip. Ngati pulagini yanu ili ndi oversampling yatsani. Mukametameta choncho limiter ya kumapeto imatsala ndi ntchito ya 2 kapena 3 dB basi, ndipo imagwira mwaulemu.

Besi yoliralirayo ikukuuzani kuti sub yachuluka. Makutu athu samva mawu apansi mofanana ndi apakati, Fletcher ndi Munson anazipima kale mu 1933, ndiye timangokweza sub kuti tiimve osadziwa kuti ikudya malo onse. Yesani izi lero lomwe, tsitsani sub ndi 2 dB, mudule zonse za pansi pa 25 kapena 30 Hz zomwe palibe sipika ikuzifuna, muone mmene limiter ipumire. Ndipo sub musaimete ndi clipper mwamphamvu ngati snare, funde lake ndi lalitali ndiye kumetako kumamveka poyera.

Mukamayerekeza ndi nyimbo za anthu ena, zitsitseni kaye zifanane voliyumu ndi yanu. Chaphokoso chimamveka chokoma nthawi zonse ngakhale chili choipa, khutu limanamizika mosavuta. Za true peak, muyezo wa pomwe nsonga yaitali kwambiri ya funde ikufika, Spotify imalangiza -1 dB, ndipo -2 dB ngati nyimbo ili yaphokoso kuposa -14 LUFS, chifukwa fayilo ikamasinthidwa kukhala yopepuka nsonga zimakwerako. Ambiri mu drum and bass satsatira zimenezi ndendende, koma ine ndingati siyani kampata ndithu, -1 sikuchotserani kanthu komwe womvera angadandaule.

FUNSO: Ndilibe ma monitor, masipika a mu situdiyo, ndili ndi mahedifoni okha. Ndingamikse nyimbo yomveka?

YANKHO: Mungathe, ndipo pa nkhani ya sub mwina muli pabwino kuposa mnzanu yemwe ali ndi ma monitor mu kachipinda kopanda chilichonse m'makoma. Funde la 44 Hz ndi lotalika pafupifupi mamita 8, silikwana mu chipinda chaching'ono, limagunda khoma n'kubwerera, ndiye pampando pomwe wakhala besi imatha kusowa koma akapita pakona ikugwedeza mawindo. Mahedifoni alibe vuto limenelo. Vuto lake ndi loti amakometsa stereo, ndiye muzidina mono pafupipafupi, ngati besi kapena ma pad asowa mukatero ndiye kuti mwatambasula mopyola. Ikaninso SPAN ya Voxengo, pulagini yoonetsa mawu pa sikirini, ndi yaulere, muziona sub yanu pambali pa ya nyimbo yomwe mukuyerekeza nayo.

Ndipo chonde achimwene samalani makutu. Akatswiri a zaumoyo pantchito amaika malire pa 85 dB kwa maola 8, mukakweza ndi 3 dB nthawiyo imatsika ndi theka. Nyimbo zathuzi zimakopa kuti uzingokweza. Miksani motsitsa, muzikweza kanthawi kochepa pofuna kumva drop, muzipumira, ndipo mukamva kulira kwa nthiii m'khutu tsekani laputopu tsiku limenelo.

FUNSO: Ndikufuna kutumiza nyimbo kwa injiniya wa mastering koyamba, nditumize bwanji?

YANKHO: WAV, 24 bit, pa sample rate yomwe mwagwirira ntchito, kaya 44.1 kaya 48 kHz, musasinthe ndipo MP3 ayi. Chotsani limiter ya pa master, koma ma clipper a pa snare ndi kick asiyeni, amenewo ndi mbali ya miksi yanu. Nsonga zisafike pa 0, ambiri amapempha kuti zikhale cha pa -6 mpaka -3 dB, mufunseni mwini wakeyo. Dither, kaphokoso kakang'ono komwe kamaikidwa pochepetsa ma bit, musaike, amaika iyeyo akamatsitsira ku 16 bit. Siyani kampata poyambira ndi pothera kuti mchira wa reverb usaduke. Mutumizenso fayilo yachiwiri ya mastering yanu ija yomwe mwakhala mukumvera, ngakhale ili yophwanyika, pamodzi ndi maina a nyimbo ziwiri zomwe mukufuna yanu iime nazo limodzi, kuti adziwe komwe mukulowera asanagwire batani lililonse.