Mphaka wanga amandiluma ndikamamusisita

Funso: Ndili ndi mphaka wa miyezi 7 amene ndinamutenga ali kakhanda. Amabwera yekha kudzakhala pamiyendo panga, koma ndikamusisita pang'ono amatembenuka n'kundiluma dzanja. Kodi ndi nkhanza kapena akudwala?
Mayi wa ku Rosettenville, Johannesburg

Yankho: Amayi, kawirikawiri si nkhanza ayi. Mphaka amatopa nako kusisitidwa, ndipo asanalume amachenjeza: nsonga ya mchira imayamba kugwedera, makutu amagonera kumbuyo, khungu la pamsana limanjenjemera, maso ali pa dzanja lanulo. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, lekani pomwepo. Muzimusisita pamutu, m'masaya ndi kunsi kwa chibwano. Pamimba ndiye musakhudzepo, ngakhale atagona chagada ngati akukuitanani.

Msinkhu wakewo ulinso ndi mbali yake. Kamphaka kamaphunzira kuluma mofewa posewera ndi make ndi abale ake, choncho kolekanitsidwa nawo kasanakwane masabata 8 kamakula kasakudziwa malire. Vuto limakula ngati munkakaseweretsa ndi zala. Mangani nthenga kapena kansanza ku chingwe, azithamangitsa chimenecho kwa mphindi 10 mpaka 15, kawiri patsiku.

Akakugwirani ndi mano musasolole dzanja, chifukwa kwa iye chothawa ndi mbewa, ndiye amalimbitsa. Lisiyeni lili phee, akalekerera nyamukani mumusiye yekha. Kumumenya kumangomuphunzitsa kuopa manja, ndipo mphaka wamantha ndiye woluma kwambiri. Koma amene anali wofatsa n'kuyamba kuluma mwadzidzidzi, mwina dzino kapena penapake pakumupweteka. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto.

Balalo musalipeputse. Mano a mphaka ndi osongoka ngati singano, amalowetsa tizilombo mkati pamwamba n'kutsekeka msanga. Tsukani ndi sopo pa madzi a pampopi kwa mphindi 15. Ngati dzino lalowa kwambiri, makamaka padzanja, kapena payamba kutupa, kufiira ndi kutentha, pitani kukiliniki tsiku lomwelo, mukafunsenso za katemera wa kafumbata. Ngati wakulumani ndi mphaka wosokera kapena wosabayitsa, musadikire zizindikiro, chiwewe chikaonekera sichichizika.

Lamulo la muno mu South Africa limafuna kuti mphaka abayidwe katemera wa chiwewe ali ndi miyezi 3, abwerezenso chaka chisanathe, kenako zaka 3 zilizonse. Ngati wanuyo sanabayitse, funsani ku bungwe loteteza ziweto la SPCA ku Booysens, mu Johannesburg momwemo.