Akuti kumatauni ang'onoang'ono kulibe choona? Ine ndikukana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Iwo ndi amuna awo apeza tchuthi, ndipo akufuna kukachithera kukatauni kena kakang'ono ka m'mphepete mwa nyanja yamchere, pobwerera n'kudzera kukatauni kena ka kumidzi cha kumtunda. Anzawo a kuntchito awauza kuti n'kutaya ndalama chabe, kumalo otero kulibe chochita. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi kumeneko munthu amakaonako chiyani, nanga tsiku lonse amalitha bwanji?"

Mayi, funso lanu lilibe vuto. Chimene chandiwawa ndi mawu a anzanuwo, chifukwa ndinawamvapo kambirimbiri, ndipo ankanenedwa za malo amene ndinawakonda ndi mtima wonse.

Ndili wachinyamata, ntchito inanditumiza kukatauni kotere. Kanali ndi msewu waukulu umodzi, msika, sukulu, kachipatala ndi doko. Anzanga a mumzinda ankandiimbira foni ndi mawu achisoni, kundifunsa kuti ndikupirira bwanji. Loweruka lililonse magalimoto ankabwera. Anthu ankatsika, kufulatira nyanja, kujambulitsa, kuyang'ana pafoni ngati chithunzi chatuluka bwino, kenako n'kukwera galimoto n'kumapita. Ola limodzi silinkakwana. Akafika kwawo ndiwo ankauza anzawo kuti anapitako ndipo kulibe kanthu.

Chapafupi ndi doko pankakhala bambo wina wachikulire wosoka maukonde. M'mawa ndisanapite kuntchito ndinkakhala pambali pawo. Ukondewo ankaukola kuchala chachikulu chakuphazi kuti ukungike, dzanja lamanzere litagwira pamene pang'ambika, lamanja likulowetsa ndi kutulutsa singano yamtengo mofulumira kwambiri moti mfundo sunkaiona ikumangidwa, unkangoona diso latsopano la ukonde litaoneka. Maso awo sankakhala paukondepo ayi, ankakhala panyanja. Iwo ndi amene anandiphunzitsa chifukwa chimene mabwato a matanga ankanyamukira kusanache n'kubwerera dzuwa litapendeka. Masana nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wotentha wa pamtunda umakwera m'mwamba, ndipo mphepo yozizira ya panyanja imathamangira kumtunda. Usiku zimatembenuka: nthaka imazizira msanga, madzi amasunga kutentha, mphepo imachoka kumtunda kupita kunyanja. Msodzi amalowa panyanja mphepo ikumukankha kumsana, n'kubwerera ikumukankhanso kumsana. Zimenezi ndinali nditaziwerengapo kusukulu, koma pamenepo ndinaziona ndi maso, matanga akufufuma moyang'ana kumtunda chakumadzulo.

Tsiku lina mlendo wina anatsika m'galimoto n'kufika pomwe tinakhalapo. Osapereka moni, osapempha, anangowerama n'kuwalozetsa kamera kumaso bambo aja. Iwo sanayankhule kanthu. Anangomasula ukonde kuphazi, n'kutembenuka kumufulatira, n'kupitiriza kusoka. Mlendoyo anachoka akung'ung'udza kuti anthu a kuno ndi amwano. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira. Munthu ameneyo anaima pafupi ndi munthu wodziwa nyanja imeneyo kuposa buku lililonse, koma anamuona ngati chokongoletsera cha pagombe.

Ndiye ndinene mosapita m'mbali. Amene amati kumatauni ang'onoang'ono kulibe choona amakhala kuti sanaoneko kanthu chifukwa sanaime. Mzinda waukulu umakulandira ndi zikwangwani, umakuuza kuti lowa apa, lipira apa, jambula apa. Katauni kakang'ono sikakuitana. Moyo wake umayendera nthawi yake, ndipo ukafika pa nthawi yolakwika umapeza doko lili zii, msika utatha, anthu atabisala dzuwa m'nyumba. Ukabwera m'bandakucha malo omwewo umapeza piringupiringu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine sindidziwa malangizo ena a ulendo oposa amenewa.

N'zochititsa chidwi kuti ku Italy anthu anaganiza za nkhono yomweyo. M'chaka cha 1999 matauni anayi, Greve in Chianti, Bra, Orvieto ndi Positano, anayambitsa mgwirizano wotchedwa Cittaslow, wa matauni amene asankha kusathamanga. Chizindikiro chawo ndi nkhono itasenza nyumba za m'tauni pamsana. Kuti tauni ilowe mumgwirizanowu, anthu ake asapitirire 50,000. Iwo anazindikira kuti kuchepako ndiye chuma chawo, ndipo anachiteteza.

Kwina zinthu zinalowera kwina. Ku Hallstatt, mudzi wa m'mbali mwa nyanja yaing'ono ku Austria, kumakhala anthu osakwana 800, koma alendo amafikako miyandamiyanda, ambiri a iwo kudzafuna chithunzi chimodzi chomwecho chimene anachiona pa Instagram. Mu 2023 akuluakulu a kumeneko anafika poimika mpanda wamatabwa pamalo ojambulirapo kuti anthu aleke kuunjikana, ngakhale mpandawo sunakhalitse. Taganizani, mudzi kufika podzibisa wokha! Khalidwe la alendowa ndi lomwe lija la mlendo wa padoko, kungoti lachuluka. Ine ndafika pokhulupirira kuti mndandanda wa "malo khumi oyenera kuona" ndiwo wawononga maulendo a anthu ambiri. Umasandutsa ulendo kukhala ntchito yochonga, ndipo malo amene alibe chochonga amaweruzidwa kuti ndi opanda pake. Sindikudana ndi zithunzi, nanenso ndimajambula. Koma chithunzi chizibwera pambuyo pa moni, ndipo ngati mwini nkhope wakana, nkhani yathera pomwepo.

Za madzi a m'nyanja

Popeza mukupita kunyanja yamchere, chinthu choyamba kudziwa ndi kudzaza ndi kuphwa kwa madzi. Pa nyanja za madzi opanda mchere, ngakhale zikuluzikulu, zimenezi sizioneka kwenikweni, choncho ambiri zimawadzidzimutsa. Mphamvu yokoka ya mwezi, mothandizidwa ndi ya dzuwa, ndiyo imachititsa. M'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera pamene adzaza kufika pamene adzazanso pamapita maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25. N'chifukwa chake nthawi yake imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, madzi amadzaza kwambiri ndi kuphwa kwambiri. Ku Bay of Fundy ku Canada kusiyana kwake kumafika mamita pafupifupi 16. Ku Lindisfarne, kachilumba ka ku England, msewu wopita kumudzi umamira kawiri pa tsiku, ndipo woyendetsa galimoto amayenera kuona kaye ndandanda ya nthawi zowolokera.

Madzi akaphwa kwambiri ndiye nthawi yoyenda pagombe. M'maenje a m'miyala mumatsalira timadziwe, ndipo mukagwada n'kukhala chete mudzaona tinkhanu tikutuluka, tinsomba tikuthawira pansi pa mwala, chigoba chimene mumati n'chopanda kanthu chikuyamba kuyenda. Mwala mukautembenuza muubwezere mmene unalili, chifukwa pansi pakepo pali zamoyo zimene zimafa ndi dzuwa. Koma musaiwale kuti madziwo akubwerera, ndipo pagombe lafulati amabwerera mofulumira, nthawi zina n'kukuzungulirani kumbuyo. Posambira funsani eni malo kumene iwo amasambira. Pali mikuku ya madzi imene imakokera munthu kukati kwa nyanja. Ikakugwirani musalimbane nayo polunjika kumtunda, sambirani motsatira gombe mpaka mutatulukamo.

Usiku

Apa ndiye pamene mzinda ulibe chonena. Kafukufuku wina wa mu 2016 anapeza kuti anthu opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse padziko sangathe kuona Mlalang'amba kuchokera kumene amakhala, chifukwa cha kuwala kwa magetsi. Kumatauni awiri amene mukupitawo mwina mukauona. Tulukani usiku wopanda mwezi, foni muiike m'thumba, ndipo mudikire mphindi 20 kapena 30 kuti maso azolowere mdima. Ngati pali nsanja ya nyali yotsogolera zombo, werengani kuthwanima kwake: iliyonse ili ndi kathwanimidwe kakekake kuti woyendetsa chombo adziwe pamene ali. M'magombe ena akamba a m'nyanja amatuluka usiku kudzaikira mazira mumchenga, ndipo ana awo akaswa amalondola kuwala kwa panyanja. Tochi kapena kuwala kwa kamera kumawasocheretsa, choncho pitani ndi anthu amene amawateteza, osati nokha.

Ndikuona kuti ndachulutsa za kunyanja, pamene munafunsanso za kumtunda. Kumeneko nzeru yake ndi yomweyo. Funsani tsiku la msika musanasankhe tsiku lofika, chifukwa katauni ka kumidzi pa tsiku la msika ndi pa tsiku wamba ndi malo awiri osiyana. Kwerani phiri kapena chitunda chapafupi m'mawa, muone mmene minda, mtsinje ndi misewu zinakhalira, ndipo mudzamvetsa chifukwa chimene anthu anamangira pamenepo. Pafupifupi katauni kalikonse kanayamba ndi chifukwa: powolokera mtsinje, mphambano ya njira, siteshoni ya sitima, mgodi, kasupe. Kufufuza chifukwa chimenecho kungakutengereni tsiku lathunthu, ndipo kudzakufikitsani kunyumba zopemphereramo zakale, kumabwinja, ndi pakhonde la agogo ena amene akhala akudikira munthu woti awafunse. Malo opatulika ndi kumanda musalowe musanapemphe.

Mwachidule, mayi, kachiteni izi. Malo alionse mukagoneko masiku awiri kapena kuposerapo, osangodutsa. Muzidzuka kusanache n'kupita kudoko kapena kumsika, masana muzipuma, madzulo muziyenda wapansi. Mukagone kumalo a eni dera ndi kugula kwa iwo, kuti ndalama yanu itsale komweko. Mutenge ndalama za m'manja, chifukwa makina a banki akhoza kusapezeka, ndipo mufunsiretu nthawi imene basi yomaliza imanyamuka. Ngati mukufuna kukwera bwato, pitani ndi munthu amene eni malo ogona akumudziwa, ndipo musakwere ngati mulibe majekete oyandamitsa. Ndandanda ya kudzaza ndi kuphwa kwa madzi imapezeka pa intaneti. Iyang'aneni musanasankhe masiku, ndipo ngati n'kotheka mukafike mwezi uli mumdima, kuti madzi ophwa kwambiri ndi nyenyezi mukazipeze sabata imodzi.