Wapolisi wamawa amene wasankhiratu madandaulo oti adzamve

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene akuphunzira za malamulo ndi chitetezo. Akuti m'kalasi mwawo munabuka mkangano mnyamata wina atanena kuti iye akadzalowa upolisi sadzataya nthawi ndi dandaulo la mwamuna wogonana ndi amuna anzake. Ambiri anamuombera m'manja. Ndiye akufunsa: kodi ophunzira ntchito zoterezi amadana ndi anthu amenewa kuposa ophunzira ena? Nanga zili ndi kanthu, poti ndi maganizo chabe?

Achemwali, funso loyambalo lafufuzidwa kwambiri ku America. M'chaka cha 2004, ofufuza Lois Ventura, Eric Lambert ndi anzawo anasindikiza kafukufuku woyerekeza ophunzira za upolisi, makhothi ndi ndende ndi ophunzira maphunziro ena, ndipo anapeza kuti oyambawo anali ouma mtima kwambiri pa nkhaniyi. Koma musathamangire kunena kuti maphunzirowo ndiwo amaumitsa mtima. Kafukufuku wa mtunduwu amabwerezabwereza zinthu zomwezomwezo: amuna amaipidwa kwambiri kuposa akazi, ndipo munthu amene ali ndi mnzake kapena m'bale wotere amafewerapo. Makalasi a zaupolisi amadzaza anyamata. Ambiri amafika pa koleji atatenga kale maganizowo kwawo, kutchalitchi ndi pabwalo la mpira.

Funso lachiwirilo ndilo landigwira mtima.

Mu Meyi 1991, mumzinda wa Milwaukee ku America, amayi ena anaitana apolisi ataona mnyamata wa zaka 14 ali maliseche pamsewu, akutuluka magazi, osatha kuyankhula bwino. Panafika bambo wina dzina lake Jeffrey Dahmer, nauza apolisiwo kuti ameneyo ndi chibwenzi chake cha zaka 19, wangoledzera. Apolisi anamukhulupirira, osafufuza msinkhu wa mwanayo, ndipo anamuperekeza kunyumba kwa Dahmer komweko. Pambuyo pake anamveka pa wayilesi yawo akuchita nthabwala za nkhaniyo. Mwanayo anaphedwa usiku womwewo, ndipo Dahmer anaphanso anthu ena 4 asanagwidwe mu Julayi. Apolisi aja sanamenye munthu. Anangoona ngati ndi zonyansa za eni ake, zoti azisiye msanga nkumapita. Maganizo chabe aja amagwira ntchito motero: amatseka maso a munthu amene analembedwa ntchito yoti aziona.

Mnzanu wa m'kalasi uja mwina anena kuti kuno si ku America, kuno lamulo limaletsa amuna kugonana okhaokha. Sakunama. Gawo 153 la malamulo a zilango limapereka zaka mpaka 14 m'ndende, ndipo ndi zaka zomwezo zimene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga analamulidwa mu 2010, Bingu wa Mutharika asanawakhululukire. Gawo 137A linabwera kudzakhudzanso akazi. Mu Juni 2024 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko ku Blantyre linakana kuthetsa malamulowa.

Koma awerenge bwino, popeza ndi wophunzira malamulo. Magawo amenewa amalanga mchitidwe umene watsimikizidwa ndi umboni pamaso pa khothi. Palibe gawo limene limati munthu woganiziridwa kuti ndi wotere akamenyedwa, akaberedwa foni kapena akaopsezedwa kuti apereke ndalama asaululidwe, dandaulo lake litayidwe. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limati aliyense atetezedwe mofanana. Lipoti la 2018 la bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linasonyeza kuti anthu ambiri otere m'Malawi muno akavulazidwa amangokhala chete, kuopa kuti akakafika kupolisi iwo ndiwo asanduka olakwa. Akuba amadziwa zimenezi bwino lomwe, nchifukwa chake amawasankha. Ndipo wakuba amene wazolowera kusagwidwa sadzafunsa kuti munthu wina amene akufuna kumubera amagona ndi ndani.

Ine sindikuuzani kuti mukasinthe chikhulupiriro cha mnzanuyo. Mungotopa, ndipo kalasi yonse ikuukirani. Siyani mkangano wa tchimo, umenewo ngwa abusa ndi masheikh. Mufunseni za ntchito. Munthu wafika pa kauntala usiku, mutu wang'ambika, akufuna kalata yapolisi yoti apite nayo kuchipatala, ndipo amene amubweretsa akunong'ona za khalidwe lake. Alemba kalatayo kapena salemba? Akati salemba, mufunseni gawo la lamulo limene likumulola kutero, aphunzitsi ali pomwepo.